Tambala Anachira, Ine Ayi

Anthu akandifunsa chifukwa chake mkono wanga wamanja umaloza ku Mozambiki pomwe ine ndayang'ana ku Chikwawa, ndimangoti ndi ngozi ya njinga. Si bodza ayi, koma nkhaniyo ndimaidulira panjira chifukwa cha manyazi.

Ndimagulitsa milamba yowamba pamsika wa Bangula. Tsiku lina ndikuchokera ku Chiromo ndi dengu lodzaza, mbuzi inandidutsa kutsogolo. Mbuziyo inapulumuka, milamba inamwazikana mumsewu, ine ndinagwera mkono mpaka unalira kuti thyo! Kuchipatala anandiika chikhakha, ndipo adokotala, mayi osaseka ndi munthu, anati chikhale masabata asanu ndi limodzi osachinyowetsa.

Unali mwezi wa Okutobala. (Amene simunakhaleko kuno kuchigwa nyengo imeneyi, ingoganizani kuti mkono wanu autsekera mu uvuni wa njerwa.) M'katimo munkayabwa ngati mwalowa chitedze. Ndinakanda ndi sipoko ya njinga, ndinakanda ndi bango, osatheka. Chondiwawa kwambiri chinali chakuti pamalo panga pamsika panali patakhala munthu wina, ndipo makasitomala anga anali atayamba kumuzolowera.

Kenako kunabwera amalume atakolekera tambala pahandulo ya njinga yawo.

“Zakuchipatalazo nzabwino mphwanga, koma fupa silichira lokha,” anatero. Anathyola mwendo wa tambala uja, nkuumanga ndi timabango ndi luzi. “Tsiku limene uyu adzayende, dziwa kuti nawenso wachira.”

Ndinaseka. Ine munthu wa kwaya, ndikhulupirire nkhuku? Koma kuyabwa kumatembenuza munthu msanga kuposa ulaliki. Pofika tsiku lachitatu ndinali nditayamba kumutafunira mtedza tambala uja. Lachisanu ndinamupatsa mlamba wathunthu ana akuyang'ana. Ndinkamuimika ndi dzanja lamanzere nkumamunyengerera kuti, “Limbani mtima achimwene, phazi limodzi lokha.” (Mkazi wanga amati kawiri konse anandimva ndikumuimbira nyimbo. Ine ndimakumbukira kamodzi.)

Tsiku lakhumi ndi chiwiri, thadzi la oyandikana nawo linadutsa pakhomo. Tambala wanga anadzambatuka nkulithamangitsa mpaka kuseri kwa khola, timabango tikuwuluka. Misozi ya chimwemwe inalengeza m'maso mwanga.

“Mayi a Tereza, tengani beseni la madzi!”

“Bambo a Tereza, tambalayu sanachire, wangoona mkazi. Inunso mukanathamanga.”

Sindinamvere. Ndinaviika chikhakha mpaka chinafewa ngati chinangwa chovunditsa, nkuchisenda ndi mpeni wopalira nsomba. Kukanda kwa tsiku limenelo, abale, sindidzakuiwala! Kutacha ndinati ndikweze dengu panjinga ndikalande malo anga. Dengu silinafike ngakhale m'chiuno. Ndinakuwa mpaka anthu a pamjigo anasiya zidebe.

Kuchipatala ndinapeza adokotala omwe aja.

“Chikhakha changa chili kuti, bambo?”

“Tambala anayenda,” ndinayankha motsitsa.

Anavula magalasi nkundiyang'ana. “Ndiye mwabweranso kuno kudzatani? Bwanji osapita kukhola?”

Anthu onse pabenchi anafa nako kuseka. Anandiika chikhakha china chofika m'khwapa, cha miyezi iwiri, koma fupa linalumikizana mokhota. Malo anga pamsika anapita, moti lero ndimayala nsomba kumapeto, pafupi ndi ogulitsa makala.

Amalume atamva anabweranso, nkhope ili gwaa. Ndinayesa abwera kudzapepesa.

“Nkhabe, mankhwala sanalakwe,” anatero m'Chisena chawo chosakaniza. “Tinalakwitsa ndife. Iwe unathyoka mkono, ife nkuthyola mwendo. Timayenera kuthyola phiko.” Anali atabwera ndi nkhuku ina, phiko atalimanga kale.

Ndinawauza mwaulemu kuti za nkhuku ndinasiya, koma iwo anaisiyabe pakhomo. Koma ndisakunamizeni, m'mawa uliwonse mkazi wanga akapita kumjigo, ndinkasuzumira m'khola kuti ndione ngati yayamba kukupiza.