Njenjete ndi Nsanda ya Abiti Juma

Amene akuti njenjete ndi kachilombo kachabechabe akhale apo pa thumbalo, atseke pakamwa, amve. Inu mumaiona imodzi, yotuwa ngati kansomba, tindevu kutsogolo, timichira titatu kumbuyo, ikuthawira pansi pa mkeka, ndiye mumati poti siluma munthu ilibe mlandu. Zoona, siluma, sipatsa matenda. Koma ine Bwanali, amene ndinkasoka pakhonde la kantina, sitolo ya kuno ku Mandimba, zaka zija komboyo, sitima ya panjanji ija, itangoyamba kufika ku Cuamba, ndinamenyana nazo nkhondo, ndipo ngati ndikunama makina awa andisoke lilime.

Mkazi wanga, Abiti Juma, anali atadwala chifuwa chosamva mankhwala. Iye mwini anadziwa. Anagula bafuta woyera, namuchapa, namuviika m'madzi a chinangwa kuti awume gwa, namupinda bwino m'bokosi lathabwa.

"Iyi ndi nsanda yanga, Che Bwanali," anatero. "Moyo wonse ndavala zotsala za anthu ena. Popita ndipite ndi yathunthu."

Chaka chimenecho mvula inagwa mpaka achule anasamukira pa denga. Nyumba yathu inali m'mphepete mwa dambo, zipupa zikutuluka thukuta, ndipo njenjete zimakonda chinyontho, zimakondanso madzi a chinangwa aja kuposa momwe inu mumakondera uchi. Zinabwera ngati dzombe, zinadya mapepala onse amene ndinamata kukhoma, zinadya ulusi m'makina ndikusoka, zinadya buluku langa ndili chivalire kotero kuti ndinadzuka pampando ndi lamba yekha, zinadya ufa, zinadya mthunzi wa chitseko, ndipo ukaponda pansi unkamira mpaka m'mawondo m'tinsomba tamoyo. Mukumva? Mpaka m'mawondo.

Sindinagonje. Ndinamata ming'alu yonse ndi dothi, ndinawaza phulusa kuzungulira bokosi, ndinasonkha moto pakati pa nyumba kuti zipupa ziume. Dzuwa litakana kutuluka ndinakwera phiri ndi lumo langali n'kudula mtambo chibowo chokwana bokosi limodzi, nsanda ija n'kuiyanika pamenepo anthu onse akuvumbwa. Mnzanga wa ku Ngauma, bambo Andereya, anandipatsa fodya wake waukali woti ukamuika pa mwala mwalawo umayetsemula, ndinamuyala pansi pa bokosi, koma m'mawa ndinapeza njenjete zamupichira m'kapepala komwe zinasiya, zikusuta.

Ndiye ndinati ndipeze mayi wazo. Ndinakumba kuseri kwa mtsuko wa madzi, ndipo anatuluka, wotalika ngati bwato, ndevu zake ngati nsungwi, tinagwirana kuyambira m'mawa mpaka mthunzi utatembenuka, iye akuterereka m'manja mwanga, ine ndikumukulunga ndi ulusi wosokera matumba, mpaka ndinamusokerera pansi ngati chigamba. Fumbi la pathupi pake linandigwera m'mutu. Imvi mukuzionazi si za ukalamba ayi.

Koma ana ake sanathe. Tsiku lina potambasula nsanda ndinaona tizibowo m'mphepete, tating'ono ngati maso a singano. Ndinabisa, koma wodwala amaona zonse.

Anthu anandiuza kuti ku Cuamba, m'sitolo zoyandikana ndi njanji, mukugulitsidwa timibulu toyera tonunkha, toti ukaika m'bokosi njenjete siyandikira. Ndinamanga lamba. Abiti Juma anandigwira dzanja, dzanja lake lopepuka ngati chitsononkho.

"Khalani pano," anatero. "Zisiyeni zidye."

"Ndibwera musanatembenuke pamkekapo."

Ndinamusiya ndi mkulu wake, ndinathamanga. Mthunzi wanga unatopa n'kukhala pansi pa mtengo, ine osaudikira. Mtsinje wa Lugenda unali utasefukira, ndinaudumpha osanyowa chidendene. Ku Cuamba ndinapeza komboyo ikupuma wefuwefu, ndinaiuza kuti sidziwa kuthamanga, ndinagula timibulu tija, ndinatembenuka, mapazi akuyatsa moto m'matope. Palibe munthu anayendapo ulendo umenewo mwa liwiro lotero, ndipo sadzapezeka. Mukumva?

Ndisanafike pa dambo ndinamva akazi akulira.

Kwathu maliro sagona. Akazi osambitsa anali atatsegula kale bokosi, ndipo mlamu wanga, mkulu wake uja, anatuluka atanyamula nsanda ija n'kuitambasula pamaso panga. Ndinaona nkhope yake yonse kudzera m'nsaluyo, ngati ndikumuyang'ana kuseri kwa ukonde. Kantina inalibe bafuta, magalimoto anali atatitimira kutali m'matope. Ndinakhala pa makina, timibulu tikadali m'thumba la malaya, ndinatola tizidutswa toyera totsala pa mikanjo ya anthu, n'kumata bowo ndi bowo amuna akundidikira panja ndi makasu. Ndinasoka bwino. Palibe wosoka pakati pa Ngauma ndi Cuamba akanabisa misoko momwe ndinaibisira. Koma ine ndinkaidziwa pomwe ili.

Titabwerako kumanda ndinatulutsa makina okha, nyumba ija n'kuiyatsa. Inayaka mvula ikugwa, njenjete zikuthetheka ngati chimanga chokazinga, utsi wake unada mpaka anthu a kutsidya kwa malire anaganiza kuti dzuwa lafa. Ndinazitha zonse. Lembani pamtima kuti Bwanali ndiye anatha njenjete za ku Mandimba.

Inu pitani mukayanike zovala zanu padzuwa, mukatsegule mazenera, bokosi musaliike pansi ponyowa. Mwana wa mlamu wanga amabwera kudzandisesera, amati, "Agogo, pansi pa mkeka wanu padzaza tizilombo, ndithire mankhwala?" Ndimamuuza kuti atisiye. M'nyumba muno mulibenso choti tindidyere.