Ndere za ku Chipoka m'Dimba la Apongozi

Inu, sunthirani kuno, basiyo sibwera msanga. Mukundiona pano ndimadzichapira ndekha malayawa, koma ndinali pabanja ine. Analithetsa si mkazi wina kapena mowa ayi, koma ndere za m'nyanja.

Mu 1978, nthawi ija munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani, ndinkagwira ntchito pa kafakitale kena ka mabatire ku Chipoka. Madzi otsukira mabatire tinkangowathira m'ngalande yopita kunyanja. Abakha a anthu atayamba kufa, kunabwera a Mateyu, mkulu wa zaumoyo wovala magalasi.

"Madziwa ali ndi mtovu, chiphe cha m'mabatire," anatero. "Kumaiko akunja amawasefa ndi zomera za m'nyanja zamchere. Ife tiyesa ndere zathuzi. Muziyanike, muziike m'masaka, madzi azidutsa pamenepo, mtovu uzitsalira m'nderemo. Pakatha mwezi, masakawo muwakwirire m'dzenje la simenti."

Zinathekadi, abakha anasiya kufa.

Tsono tamverani. Ine Jailosi ndinali pachikamwini, ndipo apongozi anga, mayi ake a mkazi wanga Eveles, ankauza mudzi wonse kuti mkamwini wawo khasu limamuyabwa, tsiku lina adzamupirikitsa. Ndinkangomvera kwa anthu, poti mwambo sulola: iwo akatulukira uko, ine ndinkapatukira kutchire. Zaka zisanu ndi chimodzi osayankhulana.

Mwezi utatha ndinayang'ana ndere zija: zakuda bii, zofewa, fungo lake la manyowa enieni. Ndani wanzeru amakwirira manyowa m'simenti? Paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Ndinakweza masaka asanu panjinga, n'kukawamwaza m'dimba la matimati la apongozi.

Matimati anakondwa, masamba ngati a fodya.

"Amayi akuti mwayamba kukhala munthu," anatero Eveles, akundipatsa ntchafu ya nkhuku. Chikwatire ndinkadya mapazi okha.

Lachisanu lina a Mateyu anasuzumira m'dzenje muja.

"Masaka ali kuti?"

"Ndinawapezera ntchito, bwana," ndinayankha monyada, n'kufotokoza zonse.

Anavula magalasi. "Mtovu tauchotsa kwa abakha, inu mwakaupereka kwa apongozi? Wodya matimatiwo adya batire. Kazuleni lero lomwe, mupale ndi dothi lake."

Mantha anandigwira, inu. Eveles anali atapita ku Salima, womutuma panalibe, ndipo mkamwini sagogoda pakhomo pa apongozi. Ndinangolowa m'dimba masanasana n'kuyamba kuzula matimati ali ndi maluwa. Nditafika pamzere womaliza, apongozi anatulukira ndi ndowa. Mwaulemu wanga ndinathawira m'bango, saka la dothi lili pamutu. Iwo mwambo anauika pansi pamodzi ndi ndowa ija, n'kunditsatira.

"Bambo, tulukani."

Mawu awo oyamba kwa ine, amenewo.

"M'dimbamo muli mtovu, amayi. Ndikukupulumutsani."

"Mtovuwo anabwera nawo ndani?"

Ndinayang'ana bango, bango silinandithandize.

Pamlandu ankhoswe anga anayesetsa, akuti mwanayu cholinga chake chinali chabwino, onani mmene wagwirira ntchito masiku ano. Eveles anangowerama, misozi ili mbwembwembwe, ndipo kunena zoona mtima umandiwawabe. Apongozi anamvetsera mpaka onse anatopa, kenako anandikankhira mphasa yanga yokulungakulunga.

"Ali waulesi tinkamupirira, poti ankangodya," anatero. "Koma wayamba kugwira ntchitoyu, titha tonse."