Tsiku limene ndinasiya apongozi pamchenga

Kwathu ku Chiringa mukafunsa za munthu amene anataya apongozi ake panjira, sangakulozereni nyumba ziwiri. Ndine ndemwe. Anthu amaiseka nkhaniyi mpaka misozi, nanenso ndimaseka nawo, koma ndikatsala ndekha imandiwawa.

Apongozi anga aakazi anakulira m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, bambo awo anali msodzi. Atakwatiwa kumtunda kuno sanabwerereko, ndipo nyanjayo itaphwa ankangoti kwawo kwafa. Ndiye chaka china mvula inagwa yosaleka, mbiri n'kumveka kuti madzi abwerera. Mayi aja tulo tinawathawa. Ankafuna kukawaona madziwo ndi maso awo, kamodzi kokha, miyendo isanawakanike.

Nthawi imeneyo n'kuti nditangogula njinga yamoto, ndipo ndinkayenda ngati msewu anaulimira ine. Mayi a Tamanda, akazi anga, anali oyembekezera, wa lero kapena mawa, choncho sakanatha kupita.

"Muwatenge ndinu amayi," anatero.

"Ine? Ndi amayi? Njinga imodzi?"

"Nanga njingayo munagulira kunyamula mbuzi zokha?"

Amene simukudziwa za kwathu, mvetsani. Ine ndine mkamwini, ndipo mkamwini ndi apongozi aakazi timaopana. Sitiyang'anana m'maso, sitikhala mphasa imodzi, tikakumana panjira wina amapatukira kutchire. Zaka zonse zimene ndinakhala pamudzipo, mawu athu ankadutsira mwa mayi a Tamanda. Tsono amene anapanga njinga yamoto analibe apongozi, chifukwa mpando wake ndi umodzi.

Tinapeza nzeru. Amayi anatenga thumba la makaka, chinangwa chouma chija, loti akasinthitse ndi matemba, ndipo tinaliika pakati pathu ngati malire a munda. Iwo anakhala chammbali kumapeto kwenikweni, atagwira chitsulo. Ine ndinapotoza magalasi onse awiri oonera kumbuyo kuti ayang'ane pansi, kuopa kuti maso athu angakumanemo (ndinadziyamikira kwambiri pa ulemu umenewu). Mayi a Tamanda anatiikira lamulo: amayi akakhala bwino atsokomola, ine n'kunyamuka. Anatsokomola, tinanyamuka.

Ulendo unayamba bwino zedi. Phiri la Michesi linatsalira kumbuyo, tinadutsa minda ya nandolo ndi mpendadzuwa, kenako dziko linayamba kuyalika, mitengo n'kuchepa, kamphepo n'kusintha fungo. Poti sindikanalankhula nawo mwachindunji, ndinkauza mphepo. "Mpunga wachita bwino chaka chino," ndinkatero, kumbuyo n'kumveka "Mmm." Mtima wanga unali m'malo.

Titapitirira Jenala tinafika pakhwawa lina lodzaza mchenga. Aliyense woyenda panjinga amadziwa kuti pamchenga wokwezedwa amatsika. Ndinaima, amayi anatsika, ine ndinaoloka ndikupalasa ndi miyendo, n'kuima kutsidya, maso kutsogolo ngati msilikali. Ndinamva mapazi akufika. Kenako njinga inatitimira pansi, ndipo kumbuyo kunamveka chifuwa.

Zimene zinachitika ndinazidziwa pambuyo pake. Thumba lija linali litapendekeka, amayi analinyamula n'kulikhazika mwamphamvu pampando. Chifuwacho chinali cha fumbi limene ndinawathira ndekha poolokapo.

Ndinathira moto.

Mungafunse kuti bwanji sanakuwe. Mayi wamkulu, wa mvano, angathamangire mkamwini wake pamsewu akukuwa, anthu akuona? Anangoima, chikwama m'manja, kuonerera makaka awo akupita kunyanja.

Ine uko ndinali pachimake. Njinga inapepuka, ndinati ndi luso langa. Nyanja itaonekera, yotambalala mpaka kosaoneka, chilumba cha Chisi chili tsonga pakati, ndinayamba kulalikira. "Madzi abweradi! Taonani akakowa. Taonani mabwato m'mabangomo." Kumbuyo kunali zii. Ndinati amayi agwidwa ndi chisoni cha kwawo, ndipo ndinachepetsa liwiro kuti alire bwino.

Padoko ndinaima mwaulemu, ndinazimitsa njinga, n'kudikira kuti atsike. Ndinadikira ndithu. Mayi wina woyanika matemba anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Achimwene, mukudikira ndani?"

"Amayi atsike kaye," ndinayankha monong'ona.

Anasuzumira kumbuyo kwanga. "Amayi ake ndi thumbali?"

Ndinatembenuka koyamba tsiku limenelo. Pampando panali thumba lokha. Ndinaganiza kuti agwa penapake, avulala, mwina afa, ndipo ine ndikauza chiyani mwana wawo. Pobwerera ndinkasuzumira m'ngalande iliyonse, ndikufunsa aliyense ngati waona mayi wa chitenje chobiriwira. Wina anandifunsa kuti atayika bwanji. Ndinangopitirira.

Ndinawapeza pakhwawa pomwe paja, atakhala pansi pa mtengo wa mango ndi amayi awiri ogulitsa nzimbe, akucheza m'Chilomwe ngati anabadwira limodzi. Ndinagwada chapatali, ndinapepesa kwa mtengowo. Amayi sananditembenukire. Analankhula ndi mmodzi wa ogulitsawo.

"Muwauze bambo a Tamanda kuti asavutike. Ine ndapezeratu wa kabaza wa njinga yopalasa, anditengera kumudzi. Ameneyo amacheuka."

Ndinachonderera kudzera mwa mayi yemweyo. Ndinati nyanja ili pafupi, dzuwa likadalipo, magalasi ndawongola. Amayi anapukusa mutu.

"Muwauze kuti anthu andiseka mokwanira lero. Tidzapita tsiku lina."

Ndinawatsatira pang'onopang'ono kumbuyo kwa wa kabazayo mpaka kumudzi, ine ndi makaka. Nkhani inali itafika kale. Mayi a Tamanda sanandikalipire, anangondifunsa kuti, "Khosi lanu limapindika kapena ayi?"

Tsiku lina lija silinafike. Mwana anabadwa, kenako ntchito ya kumunda, kenako mvula inadula misewu. Ine ndinkachita manyazi kuyambitsa nkhaniyo, iwonso sakanandipempha kachiwiri. Chaka chotsatira miyendo inawakanika, anangokhala chigonere.

Atadwalika kwambiri anandiitanitsa m'nyumba mwawo, momwe ndinali ndisanalowemo. Ndinakhala pakhomo, maso pansi. Mayi a Tamanda anakonzeka kupereka mawu monga mwa masiku onse, koma amayi anawaletsa ndi dzanja. Analankhula ndi ine mwini.

"Bambo a Tamanda, madzi aja analipodi?"

"Analipo, amayi."

"Ambiri?"

"Ambiri. Mpaka m'mabango, mabwato akuyenda."

Kenako anati, "Chabwino. Munationera."

Anatisiya sabata yomweyo. Masiku ano ndikakweza munthu, kaya ndi abusa, kaya ndi ndani, ndimacheuka mpaka amadandaula kuti ndiwagwetsera m'ngalande. Ku Chilwa ndadutsako kangapo pa ntchito, koma padoko paja sindiima.