Kambuku wa M'kompyuta ndi Anyani a M'phiri la Zomba

Amene akuti ndikunama aimirire pompano, akwere phirili, akafunse anyani eni ake kuti Che Likaka wa ku Chinamwali ndi ndani, aone ngati sathyola mitengo pothawa!

Nthawi imeneyo ndinali ndi vidiyo sho pafupi ndi msika. Poti mafilimu oopsa ndinawaonetsa zaka zambiri, ndinkadziwa chimene chimadumphitsa munthu pampando, ndipo nditagula kompyuta yakale kwa mphunzitsi wina wa ku Matawale ndinadziphunzitsa ndekha kujambula makatuni oyenda. Akazi anga, Abiti Saidi, ankalima sitiroberi kumtunda kuphiri, koma okolola anali anyani. Tsiku lina anatsika ndi dengu lopanda kanthu, nati, "Inu, mukapitiriza kuseweretsa zidole m'galasimo kumunda kukutha, ine ndikupita kwathu ku Jali, ndipo musanditsatire."

Ndinati basi, ndipanga kambuku. Koma tamverani, nzeru yake ili apa: chinthu choopsa suchionetsa msanga. Ndinajambula thengo lokhalokha, kamera ikukwawa m'udzu pang'onopang'ono ngati njoka yokhuta, kenako mthunzi kudutsa kuseri kwa mtengo, kenako maso awiri okha, kuphethira kamodzi n'kuzimirira, pansi pake kupuma kwanga komwe nditalowetsa mutu m'ndowa, pamwamba pake kulira kwa chitseko chathu cha kubafa, ndiye pamene mtima ukuti tsopano chabwera, ndinazimitsa phokoso lonse, zii, kuwerenga mpaka khumi, kenako kambuku uja phulu, kukamwa kudzaza galasi lonse! Mukumva? Ndisanamalize n'komwe, kambewa kolozera pa kompyuta kanadula chingwe chake n'kuthawira kudenga, ndinachita kukanyengerera ndi mtedza kuti katsike timalize ntchito.

Ndinayamba ndayesa pa anthu, masanasana, m'vidiyo sho muja. Mphindi zitatu zokha! Anthu anatulukira pakhoma popanda khomo, bambo wina nsapato zinamusiya m'mbuyo n'kukafika kunyumba zokha, mayi wogulitsa mandasi anathawa ndi benchi pamutu beseni atalisiya, ndipo wakabaza wina anapalasa mpaka ku Liwonde, kufika uko n'kuzindikira kuti njinga waisiya ku Chinamwali, njira yonse amangopalasa mphepo ndi pasinja wake kumbuyo.

M'mawa mwake ndinasenza batire ya galimoto, masipika, pulojekita ndi nsalu yathu ya pabedi, ulendo wa kuphiri, Abiti Saidi ali pambuyo kung'ung'udza za nsalu yawo. Nkhungu inali itatseka, kuli bii ngati m'holo ya kanema. Ndinamanga nsalu pakati pa mitengo iwiri ya paini, ndipo anyani anabwera mudzi wonse n'kukhala m'mizere, ana kutsogolo, akuluakulu kumbuyo, akutafuna sitiroberi zathu zomwe popanda manyazi. Kamera itayamba kukwawa, kutafuna kunaleka. Mthunzi utadutsa, anyani aakazi anafungatira ana. Pofika pa zii paja, ndikulumbira, mathithi a Mulunguzi anaima m'malere kumvetsera, khwangwala anaima m'mwamba mapiko ali chitambasulire, ngakhale Abiti Saidi anatseka pakamwa, chinthu chimene sichinachitikepo chikwatiranire.

Kenako phulu!

Abale anga, anyani anaulukira m'mwamba onse pamodzi mpaka nkhungu inang'ambika ngati chitenje chakale, ena anakatera ku Malosa, ena anasiya michira m'manja mwa anzawo, ndipo sabata isanathe anali atabweza sitiroberi zonse zimene anaba chiyambire, ngakhale za chaka chatha, zosavunda, zoyala bwino m'timadengu, chinyani chachikulu chili patsogolo, kugwada pamaso pa Abiti Saidi, kuomba m'manja ngati mkamwini wolakwa. Ku Jali sanapitenso mayi aja. Anandigulira chipewa ndavalachi. Mukuchiona? Chigwireni, kapena mukuti nachonso ndi bodza?

Mukuti ndikuonetseni filimuyo? Ilipo, ili m'sutikesi, ndinaipsinja ndi mwala wamphero. Koma musandifunse kuti kambukuyo ndi wa maonekedwe otani, chifukwa ine sindinamuonepo. Ndinamujambula nditatsinzina. Ndipo tsiku lija kuphiri, nkhungu itachoka, Abiti Saidi anandipeza pansonga penipeni pa paini, nditakumbatirana ndi nyani wokalamba, tonse awiri tikuitana amayi athu.