Sabata Yofuna Kukhala Ndekha pa Mwala

Lolemba

Ndayamba! Dzulo pa Misa ku Lifidzi a Padiri anati munthu azipatula kanthawi tsiku lililonse, akhale yekha chete, amvere Mulungu. Mawuwo andilasa. Mwana wanga Andreya ali ku migodi ya ku Joni, chaka chino ndi chachiwiri, kalata ngakhale imodzi ayi. Ine pulofesolo wathunthu, ndimaphunzitsa ana a eni kuti Mulungu sagona, koma mtima wanga uli m'mwamba. Sindinauzeko munthu.

Malo: mwala wa kumtunda kwa munda wa mbatatesi. Nthawi: ana akaweruka. Zotenga: korona, kazako (jekete langa la chisanu), basi.

Bata lake kukoma! Ndangonena Tikuoneni Maria asanu, uyo mlamu wanga Tomasi akukwera ali wefuwefu. "Alamu, mwayambana ndi achemwali?" Wakhala pambali panga mpaka dzuwa kupendeka. Akuti munthu wabwinobwino sakhala yekha pa mwala.

Lachiwiri

Ndamufotokozera Tomasi kuti ndikupemphera. "Nokha? Ndiye zavutadi." Wabwera ndi a Chimbalanga, aneba athu osabatizidwa aja, atanyamula muzu wa m'mimba. Akudikira kuti nditafune iwo akuona. Kuwawa kwake, mayo! Koma mkulu ameneyu wasiya nyemba zake pa dwale zosapuntha chifukwa cha ine.

Lachitatu

Nzeru zatsopano: ndabisala m'nthochi za kudambo. Theka la korona latheka. Kenaka mfuu mudzi wonse, amuna m'tchire ndi zibonga, amayi akusuzumira m'zitsime. Make Andreya wabisa zingwe zonse za m'nyumba, ndi za mbuzi zomwe. Mbuzi zamasuka, zalowa m'dimba la kabichi. Ndatuluka m'nthochi ngati wakuba, manyazi ali thoo.

Lachinayi

Ndabwerera pa mwala, kuti mwina akamandiona asiye kundisaka. Anthu asanu ndi anayi! Wina chimanga chokazinga, wina bawo. Zimene akuti zandigwera:
ndalodzedwa;
a Padiri andichotsa ntchito;
chifuwa chachikulu;
kuwerenga kwambiri kwandizunguza mutu.
Pemphero lero: chizindikiro cha mtanda chokha. Bawo ndaluza kawiri. Kunena zoona, anthu awa ndi otopetsa, koma sindinaone ena oposa iwo.

Lachisanu

Pa njinga kukadandaula kwa a Padiri. Aseka mpaka kupukuta misozi ndi mkono wa mkanjo. "Kwathu kwa azungu ungakhale pa mwala chaka chathunthu, osakufunsa munthu. Ukufuna tisinthane?" Malangizo ena palibe. Pobwerera tcheni chaduka pa chitunda, ndipo anthu atatu andiperekeza mpaka pakhomo. Ndi njinga yakufa yomwe sindiyenda ndekha!

Loweruka

Zandikwana. Tomasi wayambanso mafunso ake, ine ndaphulika: "Ndi Andreya! Sindikudziwa ngati ali moyo!" Kenaka kulira, pamaso pa makolo a ana amene ndimawaphunzitsa. 

Make Andreya anali kumbuyo ndi mtolo wa nkhuni. Watula. "Bambo ake, mumayesa ine ndikamapita kumadzi m'mawa uliwonse ndimalankhula ndi yani?" Zaka ziwiri akupempherera mwana ndi mtsuko pamutu, popanda mwala, popanda kuvutitsa mudzi. Ine wa mabuku ndimayesa akung'ung'udza za chisanu. Ndachita manyazi, ndiponso ndamunyadira mkazi ameneyu.

Lamulungu

Ndagonja. Titachoka ku Misa ndakwera pa mwala kukangotsanzikana nawo. Ndapeza wadzaza, ena akhala m'mizere ya mbatatesi. Andisiyira malo pakati, pafupi ndi make Andreya. Palibe wondifunsa kanthu. Tomasi, mlongolole uja, pakamwa watseka. A Chimbalanga sadziwa pemphero lililonse, angovula chipewa n'kuchigwira pa chifuwa. Takhala choncho nthawi yaitali, kumangomva mphepo ndi ng'ombe kutsidya.

Kalata kulibe. Mwina ibwera, mwina ayi, ndamusiya mwanayo m'manja mwa Mwini wake. Zokhala ndekha m'mudzi uno ndaziiwala, sizidzatheka.

Potsika a Chimbalanga andikoka kazako. "Aphunzitsi, Mulungu wanuyu amalola ndi ife akunja kumukhalira chete? Mwana wanu uja ndinamumeta tsitsi loyamba ndine. Mawa ndibwera ndi akazi anga onse awiri."

Ndawauza kuti abwere.