Sindikwera, Anti

Lolemba

Mphepo yaomba usiku wonse, ndipo kwacha ndi kamvula kowaza cham'mbali. Mabini a zinyalala akugubuduzika mumsewu, alamu ya galimoto ya wina ikulira osatonthola, mpanda wa aneba wagona pa kapinga wathu. Pa wailesi akuti uwu ndi mchira chabe wa namondwe amene wasakaza ku America. Mchira! Nanga mutu wake unali wotani?

Ndikulemba m'Chichewa kuti Tiya, mlongo wanga, asamve. Anabwera ku Bradford kuno ali wakhanda, amawerenga Chingerezi chokha.

Dzulo madzulo ndinamva bambo akuuza amayi kukhitchini kuti mafuta a galimoto awatha. Ntchito yawo ndi yosamalira nkhalamba m'makomo mwawo, khomo ili, khomo ilo, tsiku lonse pa galimoto, ndipo kukanditula ine kusukulu ndi njira yokhota. Anamaliza ndi mawu awa: "Koma zimenezi zisamveke kunja."

Sizimveka. Ndili ndi pulani.

A Chipewa anena bwino lero. Ndimawamvera pa intaneti m'mawa uliwonse, ndi a ku America, ndipo dzinalo ndinawapatsa ndine chifukwa savula chipewa ngakhale m'nyumba. Akuti namondwe atadutsa, amene anatsegula misewu ndi anthu wamba ndi macheka awo, boma likadafunafuna mafomu. Akuti mafuta akwera chifukwa cha misonkho, ndipo mwamuna weniweni sadikira kunyamulidwa.

Malamulo a sabata ino:
1. Sindikwera galimoto ya munthu aliyense.
2. Basi ayi. Ngati si ya boma, ndi msuweni wa boma.
3. Kudandaula ayi.

Bambo ndawauza kuti ndi nkhani ya ndale. Andiyang'ana, ayang'ana mvula. "Ndale zakozo zili ndi jekete?"

Pakati pa chitunda galimoto yaima. Anti Nabanda, namwino wa kutchalitchi kwathu, akuchokera ku shifiti ya usiku. "Iwe, kwera!" Ndati zikomo anti, sindikwera, ndiyenda. Andiyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

Ndafika mochedwa. Koma ndafika ndi miyendo yanga!

Lachiwiri

Mtengo wagwa pa kanjira ka kupaki. Akhonsolo angozunguliza tepi yofiira n'kumapita. A Chipewa akanaona! Ndayesa kukoka nthambi imodzi ndekha. Nthambi sinasunthe. Chasuntha ndi buluku, lang'ambika pabondo.

Ndikutuluka mupaki, Ankolo Sakala awa. Ndi a ku Zambia, amagwira ntchito imodzi ndi bambo. Anditsatira ndi galimoto pang'onopang'ono ngati akuperekeza maliro, windo atatsitsa. "Mwana, kwela, niyenda kwamene uko." Ndakana. Afunsa, "Kunyumba kuli che bwino?"

Apa ndaona mpata wophunzitsa munthu. Ndawafotokozera zonse, ine ndikuyenda, iwo akukwawa pambali: misonkho, andale amene amakangana pa TV koma palibe amene amathira petulo ndi ndalama ya m'thumba mwake, ndiponso kuti mafuta akakwera chonchi banja lanzeru limayamba kudziletsa. Sindinatchule bambo ngakhale kamodzi. Ndimanena za dziko.

Ankolo angoti, "Ooh." Ooh wamtali. Kenako aimika galimoto n'kutulutsa foni.

Nkhomaliro ndadya ndekha pafupi ndi hita yotenthetsa chipinda, monga mwa masiku onse. Ine ndi a Chipewa m'makutu. Anthu a mfundo sakhala ambiri.

Lachitatu

Njira yatsopano: kuseri kwa masitolo, kudutsa kumanda, kutulukira kumbuyo kwa sukulu. Kumanda kulibe Amalawi oyendetsa galimoto. Kuli matope okhaokha. Nsapato yakumanja yayasama, ikumwa pa chithaphwi chilichonse.

Pa geti ya manda ndakumana maso ndi maso ndi amayi abusa, zikwama m'manja. Aona manda, aona ine, aona nsapato. Angogwira pachifuwa.

Madzulo belu la pakhomo silinapume.

Anti Nabanda, thumba la mpunga. "Ndinagula awiri mosadziwa."

Amayi abusa, nkhuku ziwiri. "Firiji yathu yadzaza, tisungireni m'mimbamo."

Mayi wina amene sindimudziwa n'dzina lomwe, nsapato za sukulu. Akuti zamuthina mwana wake. Mwana wakeyo ndamuona, amandilekeza paphewa. Nsapatozo n'zatsopano, kapepala ka mtengo angokakanda ndi chikhadabo.

Anthu akwathu sakupatsa chinthu n'kunena kuti ndakuthandiza. Amabwera ndi mpunga dzanja ili, bodza dzanja ilo, kuti wolandira asachite manyazi. Amayi alandira zonse akumwetulira, koma atatseka chitseko afunsa, "Kodi tafedwa osadziwa?"

Nsapatozo sindivala. A Chipewa akuti zaulere zimafewetsa msana.

Lachinayi

Nsapatozo ndavala. Si kugonja, ndi kubwereka.

Mushedi, kanyumba kathu kosungiramo katundu, muli njinga ya Tiya, yapinki, ya kadengu kutsogolo. Malamulo anga sakuletsa njinga. Koma amene anamanga Bradford ankadana ndi anthu a njinga. Pokwera chitunda ndaikankha ine. Potsika yandilamulira ndi iyo, mabuleki angoti tswii osagwira. Ndakaimira mu bini limene mphepo inagwetsa Lolemba ndipo palibe walidzutsa. Mlandu ndi wa khonsolo.

Tiya waona kadengu kopindika. "You're so weird." Wathamangira kwa amayi.

Tikudya, malume a ku Blantyre aimba foni. Ali pamzere wa mafuta kuyambira dzulo, agona m'galimoto. Amayi akweza mawu a foni kuti tonse tiwapatse moni.

"Achemwali, ndamva zonse. Akuti alamu ntchito yatha, mapepala alandidwa, mukubwerera kuno. Musadandaule, chipinda chilipo. Koma ngati n'kotheka, mubwereko ndi kapetulo."



Chilolezo chathu chokhalira kuno chamangidwa pa ntchito ya bambo. Mphekesera yotere si yoseweretsa, ikhoza kufika kwa abwana awo. Nkhani yanyamuka pa chitunda cha kusukulu, yadutsa pa gulu la amayi la pafoni, yawoloka nyanja, yakapeza munthu pamzere wa mafuta ku Blantyre. Ine kusukulu kokha ndimafika mochedwa.

Bambo aika foloko pansi n'kundiyang'ana. Ine ndayang'ana mpunga wa Anti Nabanda. Mwatsoka, ndi wokoma.

Lachisanu

Chimfine. Mphuno ikutuluka madzi ngati mpopi wakutha. Lamulo lachitatu likuti kudandaula ayi, ndiye ndikungolemba kuti zidziwike.

Aphunzitsi a kalasi yathu andiitanira pambali, mawu ofewa, mutu atapendeketsa. Aona kuti ndikumafika mochedwa ndili chinyowere. Akuti pali njira yondipezera khadi ya basi. Ndakana! Boma limayamba ndi khadi ya basi, mawa likuuza nthawi yogona.

A Chipewa lero alusa. Akuti namondwe akadutsa, andale amabwera ndi makamera, atavala nsapato za mphira zatsopano, amanyamula thumba limodzi, akajambulidwa n'kulitula. Zoona zenizeni. Ndinaziona ndi maso anga kwathu madzi atasefukira, tisanabwere kuno. Nsapato zake zinali zomwezo.

Ndikufika pakhomo, chigubu chobiriwira chili pa sitepe. Petulo. Ankolo Sakala auza amayi kuti anagulira makina otchetchera kapinga, ndiye wawatsalira. Ankolo Sakala amakhala m'kachipinda pamwamba pa shopu yometera. Kapinga wake ali kuti?

Bambo abwera, aona chigubu, andiitana.

"Wauza ndani?"

Ndati sindinauze munthu, ndimanena za dziko.

"Nanga bwanji dzikolo silinalandire nkhuku?"

Kenako afunsa motsitsa mawu ngati ndinamva zimene ankakamba ndi amayi kukhitchini tsiku lija. Ndati mphepo inali yambiri, sindinamve kanthu. Asisita chipumi. Anyamula chigubu n'kukachitsekera mushedi. "Tikabweza Lamlungu kutchalitchi. Ine sindine wopemphapempha."

Ndagwirizana nawo ndi mtima wonse. Bambo ndi a chipani chathu, kungoti sadziwa.

Loweruka

Ndinayatsa moto ndine, ndiuzimitsa ndine. Ndayenda wapansi mpaka kwa Anti Nabanda kukakonza nkhani, poti akamva iwo ndiye kuti amva onse.

Ndawapeza akusita yunifolomu. Ndalankhula mwadongosolo. Bambo ntchito ilipo. Sitikubwerera. Kuyenda kwanga ndi mfundo, ndi kukana misonkho, ndi kudziimira pawekha. Ndatchulanso za anthu a macheka ku America. Amvetsera zonse, simbi ili m'mwamba. Kenako maso awo alengeza misozi.

"Mwana uyu! Kubisira atate ake mpaka kuloweza za misonkho!"

Andipatsa tiyi ndi mandasi. Zaipiraipira.

Galimoto ndakana kachiwiri. Ambulera ndalandira, akuti ankafuna kuitaya kale. Mvula si boma, palibe chifukwa cholimbana nayo chimanjamanja.

Pobwerera ndadzera kupaki. Mtengo uja akuudula! Osati akhonsolo. Ndi aneba athu oyendetsa takisi ndi anzawo awiri a kumzikiti, atopa n'kuzungulira. A Chipewa ananena zoona! Ndaika ambulera pansi n'kunyamula nthambi. Mmodzi wandimenya paphewa n'kundifunsa dzina. Chichokereni kwathu, munthu wamkulu amene si mphunzitsi kapena wa kutchalitchi sanandifunsepo dzina. Pomaliza akuti andiperekeze pa takisi, ulere. Dziko lino lapangana.

Ndalowera kuseri kwa nyumba. Bambo ali pambali pa galimoto, chigubu chobiriwira chili chozondoka, galimoto ikumwa gudyu gudyu. Ali ndi ulendo wa madzulo, nkhalamba zikuwadikira kuti akazipatse mankhwala ndi kuzigoneka. Andiona. Sanasiye kuthira.

"Petulo si wosunga mushedi. Akhoza kuphulika."

Ndati inde, n'zoopsa kwambiri. Ndawagwirira fanulo.

Lamlungu

Amayi sanafunse maganizo a munthu. "Ndale zitsale pa geti. Kwera." Ndakwera. Ndikulemba pano kuti ndakwera mokakamizidwa, ndipo njira yonse sindinatsamire mpando.

Nthawi ya zolengeza bambo aimirira. Mpingo wonse wayang'ana pansi, monga amachitira anthu amene akudziwa kale.

"Abale, ntchito ilipo, ndipo sitikupita kulikonse. Amene munatumiza uthenga ku Blantyre, mutumizenso wina. Koma mafuta akundiluma, zimenezo n'zoona. Ndimafuna zisamveke. Mwana wangayu anaziyendetsa mumsewu kuti aliyense aone."

Aseka. Ameni wamveka paliponse. Ankolo Sakala akuwa kumbuyo kuti, "Siimwe mweka!" Kenako manja anayamba kukwera, uyu akuti nanenso, uyo akuti nanenso, anthu amene akhala akubisirana chinthu chimodzimodzi miyezi yonseyi. Bambo akhala pansi mapewa atatsika. Sanandiyang'ane, koma andiponda phazi pang'ono, pa nsapato yobwereka ija.

Tisanatuluke, amayi a mumpingo andigawana ngati nyama ya pa Khirisimasi. Anti Nabanda azinditenga akamachokera ku shifiti, sukulu ili panjira yawo. Masiku otsalawo amayi abusa. Bambo njira yokhota yawathera. Ine palibe wandifunsa. Anti anena kale kuti m'galimoto mwawo mumalira nyimbo za Mulungu zokha, zoika m'makutu salola.

Ndikufuna zidziwike kuti khadi ya basi sindinalandire, ndipo khonsolo sinandithandize chilichonse. A Chipewa ananena kuti amene amatsegula njira ndi aneba, osati boma. Kungoti sanachenjeze kuti aneba ena sakusiya. Mfundo zanga zili chilili. Yagonja ndi miyendo yokha.

Panja pa tchalitchi galimoto ya Ankolo Sakala yakana kulira. Ayesa, ayesanso. Akuti ndi batire. Bambo asuzumira pa windo, aona muvi wa mafuta utagona pansi penipeni, ndipo avomereza kuti eya, ndi batire ndithu.

Tabwerera kunyumba motere. Bambo pa chiwongolero. Amayi pambali pawo, mphika wa nyemba pamiyendo, wina akuti anaphika zambiri. Kumbuyo Tiya pa windo, akuseka. Pa windo linalo Ankolo Sakala, atafungatira chigubu chobiriwira chimene bambo adzadzitsa panjira osanena mawu. Pakati ine, maondo kukhosi.