Dima la Makasu a Mpweya

M'mudzi wina umene sitiutchula dzina, poti eni ake akadali moyo ndipo ena mwa iwo amadziwa kuwerenga, munali mwambo umodzi umene unkasunga anthu. Mwambowo unali dima. Ikafika nyengo younga mizere, mudzi wonse unkanyamula makasu n'kukalima munda wa banja limodzi, mwini munda ataphika thobwa, mawa lake n'kupita kwa wina, mpaka minda yonse itatha. Chaka chimene tikunenachi mai Nangozo, amene amuna awo anamwalira n'kuwasiyira ana atatu, analima m'minda khumi ndi isanu ndi iwiri ya anzawo osajomba tsiku. Munda wawo unali womaliza. Kunatsala masiku anayi kuti dima lifike kwa iwo pamene Yotamu anatsika basi.

Yotamu anali mwana wa akulu awo a mai Nangozo. Anakhala zaka zisanu ndi chimodzi ku Joni, kumene, malinga ndi amene anamuonako, ankasesa m'nyumba yochitiramo masewera olimbitsa thupi. Malinga ndi iye mwini, ankaphunzira. Anabwera ndi sipika ya batire, lamba wakuda, ndi dzina laudindo limene munthu sangalitchule osapumira pakati: Mphunzitsi Wamkulu wa Nkhonya, Chiuno ndi Mtendere wa Mumtima. Luso lake linali losakaniza kumenya, kuvina ndi kudzichiza popuma, choncho anthu anangolitcha kuti Zitatu.

Tsiku lotsatira anaitana mudzi ku bwalo la mpira, nayatsa sipika ija.

"Abale anga, mwazunza matupi anu mokwanira," anatero. "Khasu limapinda msana, ndipo msana ukapindika mpweya sudutsa. Koma ndikuuzeni chinsinsi. Thupi silisiyanitsa khasu lenileni ndi khasu la m'maganizo. Gwirani mpini umene palibe. Kwezani, mukupumira mkati. Gwetsani, mukupumira kunja."

Uthenga woti munthu angathe kulima osatuluka matuza unafika pamtima pa anthu ambiri, makamaka amene minda yawo inali italimidwa kale. Dzuwa lisanalowe komiti inali itasankhidwa. Munali Wapampando, Wachiwiri kwa Wapampando, Mlembi wa Kupumira Mkati ndi Mlembi wa Kupumira Kunja, ndipo alembi awiriwa anasiya kulankhulana sabata lomwelo chifukwa cha nkhani yoti wamkulu ndani. Komiti inagamula kuti Zitatu zizichitika m'mamawa, nthawi imene mpweya umakhala usanagwiritsidwe ntchito. Zoti imeneyo ndi nthawi yomwe anthu amapita kumunda, komiti inati zinangochitika mwangozi.

Ndiye mukanawaona. Amuna amene chibadwire sanathamangitseko ngakhale mbuzi ankaponya mateche kwa mdani wosaoneka, n'kumugonjetsa tsiku lililonse. Kenaka ankagwedeza ziuno kuti nkhawa zitsikire kumapazi. Pomaliza onse ankagona chagada pamphasa, maso ali tsinzinu, kumvetsera chiwindi. Ena ankachimvetsera mpaka kuliza mkonono.

Tsiku la dima lawo litafika, mai Nangozo anatula mbiya ziwiri za thobwa pansi pa mtengo wa mango kumunda, nadikira. Dzuwa linakwera. Kunabwera galu mmodzi, nanunkhiza mbiya, napita. Mtima unawapweteka, koma mkwiyo ndiwo unawanyamula mpaka kubwalo, kumene anapeza mudzi wonse ukulima m'malere molingana bwino.

"Yotamu, lero ndi dima langa."

"Amayi aang'ono, pano pabwalo sindine Yotamu."

"Kaya ndiwe yani, koma munda wa amayi ako ndinaulima ine ndi manja awa. Anthu onsewa ndawalimira."

"Mwamva mmene mukulankhuliramo? Umenewo ndi mkwiyo, wakhala pachiwindi. Tapumirani mkati."

"Mvula ikubwera, mwanawe. Ikandipeza ndisanaunge mizere, ana anga adya chiyani?"

"Mvula ili kunja kwa thupi," anayankha Mphunzitsi Wamkulu modekha. "Ife tikukonza zamkati."

Mai Nangozo anayang'ana anzawo mmodzimmodzi. Onse anali atatsinzina, ndipo sizinadziwike ngati linali phunziro kapena manyazi.

Anabwerera kumunda n'kuyamba okha. Thobwa lija linasasa, nkhumba za oyandikana nawo zinakondwera. Masabata atatu anadzuka tambala woyamba, akuyang'ana mitambo imene inkasonkhana kuseri kwa phiri, ndipo mantha ankawadya tsiku ndi tsiku. Pofika pakati pa Novembala anali atalima theka la munda.

Nthawi yomweyo kunamveka kuti kukubwera mlendo wochokera ku bungwe lina la mumzinda, Mai Mlangizi Wamkulu wa Matupi Osangalala, kudzaona mudzi woyamba m'dera lonselo kulandira Zitatu. Komiti inasesa bwalo, inagawa matisheti achikasu, ndipo alembi aja anagwirizana kuti apumire limodzi kwa tsiku limodzi lokha. Koma msewu wolowera m'mudzimo unkadutsa m'mphepete mwa munda wa mai Nangozo, ndipo galimoto itafika pamenepo mlendo anauza dalaivala kuti aime.

"Ndani uyo?" mlendoyo anafunsa Yotamu, amene anali atapita kukamuchingamira. "Taonani mapewa. Taonani mmene akutulutsira mpweya khasu likamatera. Ndayenda m'maiko anayi, sindinaone munthu wofika pa gawo limeneli."

Yotamu sanaphethire n'komwe. "Ndi wophunzira wanga woyamba, mayi. Ndi wapabanja."

"Basi, chionetsero chichitikire pompano. Onse aime kumbuyo kwake."

Mai Nangozo atadzuka kuti awongole msana, anaona anthu makumi asanu ndi limodzi akutsetsereka ndi njira kulunjika kumunda wawo. Tinene zoona, misozi inalengeza. Anaganiza kuti manyazi awagwira abale awo, ndipo anayamba kale kudandaula mumtima kuti thobwa lomwe anabwera nalo ndi la m'botolo limodzi. Anthuwo atayandikira mpamene anaona kuti palibe ndi mmodzi yemwe wanyamula khasu.

Gulu linasankha kuima mbali yolimidwa kale, chifukwa dothi lake linali lofewa kumapazi ndipo zithunzi zinkaoneka bwino. Sipika inalira. Analima m'malere, anaponya mateche, mdani uja anagonjanso. Anagwedeza ziuno mpaka fumbi linati koboo, nkhawa zonse za mudzi zinatsikira pamizere ya mai Nangozo. Pomaliza anagona chagada, anthu makumi asanu ndi limodzi, kumvetsera chiwindi. Atadzuka, thukuta la masabata atatu linali litasalala ngati pabwalo popunthira mapira.

Mlendo anaomba m'manja, natulutsa satifiketi yokhala ndi chidindo chagolide, napempha khasu lija kuti akalipachike ku ofesi.

"Khasu ili likachoka m'manja mwanga," anatero mai Nangozo mosakweza mawu, "lichoka ndi khutu la munthu."

"Mzimu wankhondo weniweni," ananong'ona mlendo, nalemba m'kabuku kake. Lipoti lake linanena kuti mudziwo unachita dima loyamba m'mbiri limene palibe anadandaula msana.

Mvula inagwa patapita masiku awiri. Mai Nangozo anaunganso mizere m'matope, nadzala mochedwa, kachigawo kochepa kamene anatha. Anzawo anadzala pa nthawi yake m'minda yabwino imene iwo anawalimira, ndipo chimanga chinamera mokongola. Kenaka inafika nyengo yopalira. Komiti inakhala pansi masiku atatu n'kugamula kuti kupalira ndi kubandira zichitikire kubwalo, m'maganizo, kumene kulibe minga. Tsoka lake udzu sunapiteko ku maphunzirowo. Unakula mwaumbuli mpaka kupitirira chimanga, ndipo Wapampando analengeza kuti minda yobiriwira chotero ndi umboni wakuti mtendere wa mumtima wafika ndi m'nthaka momwe.

Pokolola, nkhokwe ya mai Nangozo inafika m'chiuno mwa munthu. Sinali yodzaza, koma powerengera bwino ana akanafika nayo mvula ina. Nkhokwe za anzawo zinali zoyenera kwambiri kusungiramo mpweya.

M'mawa wina mu Ogasiti kunamveka odi pakhomo. Anali Mphunzitsi Wamkulu, dengu lili m'manja. Lamba wakuda uja tsopano ankazungulira kawiri, ndipo sipika inali itapita kumsika osabwerako. Kuseri kwa mpanda kunkasuzumira madengu ena, komanso alembi awiri amene njala inawayanjanitsa.

"Odi, amayi aang'ono."

"Lowani. Lero ndinu yani?"

"Ndine Yotamu, amayi." Anakhala pansi, nayang'ana zala zakumapazi. "Kunyumba zinthu zavuta, ana anga akugona ndi njala. Ndimati mwina kachimanga pang'ono."

"Ana ako uwatumize azidzadya kuno ndi abale awo. Iwo sanavine pamunda wanga," anatero mai Nangozo. "Koma iwenso ndiwe mwana wa akulu anga, sungabwerere chimanjamanja. Bweretsa dengulo."

Nkhope ya Yotamu inawala, ndipo kuseri kwa mpanda madengu anasendera pafupi. Mai Nangozo anatenga lichero, napita kunkhokwe, naima patatsala phazi limodzi kuti aikhudze. Anatangadza miyendo, nawongola msana kuti mpweya udutse. Anapumira mkati, natunga m'malere lichero lodzaza, napumira kunja akukhuthulira mu dengu. Anatero kasanu. Anagwedeza dengu kuti zikhazikike, naonjezera kabasela ka m'manja.

"Amayi," anatero Yotamu ndi mawu aang'ono, "mulibe kanthu umu."

"Thupi silisiyanitsa, mwana wanga. Ukatafune pang'onopang'ono, ukupumira kunja."

Atatero anawerama, nagwira dengu mbali imodzi, nabuula ndi kulemera kwake pomusenzetsa pamutu. Kenaka anatembenukira kumpanda kuja, lichero lili m'manja.

"Wotsatira abwere. Chilipo chokwanira mudzi wonse."